Kodi agogo athu ankapemphera kwa ndani? Kalata yotseguka kwa atsogoleri a mipingo m'Malawi

Kwa Ambuye maepiskopi, atsogoleri ndi alembi a masinodi, akuluakulu a Malawi Council of Churches ndi a Evangelical Association of Malawi, komanso aphunzitsi a m'sukulu zosulira abusa ndi ansembe.

Zikomo makolo athu mwa Ambuye. Landirani moni m'dzina la Yesu Khristu, mwini mpingo. Katundu amene mwasenza ndi wolemera, ndipo Lamulungu lililonse timakutchulani m'mapemphero athu. Ine ndine mwana wanu, mphunzitsi wa kalasi pa kampingo kena ka kumudzi kuno ku chigawo chapakati, kumene tchalitchi, dambwe ndi manda zili moyandikana, ndipo anthu opita kumalo atatuwa ndi a magazi amodzi. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya ine ndekha. Imakambidwa monong'onezana pa siwa, kuchigayo ndi pobwerera ku mapemphero, koma sifika pamene inu mumakhala pogamula zinthu.

Ndiyambe ndanena pamene ndaima, kuopa kuti wina angandimve molakwika. Sindikukupemphani kuti mulengeze zoti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi. Ndimakhulupirira zimene zili pa Yohane 14:6 ndi pa Machitidwe 4:12, ndipo ndimaziphunzitsa mopanda manyazi. Ndikudziwanso kuti mapanga awiri avumbwitsa. Chimene chandilembetsa ndi ichi: mawu akuti kusakaniza zipembedzo asanduka ndodo yomenyera Akhristu osauka akumudzi, pamene funso lenileni la m'mitima mwawo, lokhudza Mulungu ndi makolo awo, palibe amene akuwayankha.

Dandaulo langa loyamba ndi la pamaliro.

M'dera lathu lino kudali mayi wina amene adatumikira m'bungwe la amayi kuyambira ali mtsikana. Ankasesa m'tchalitchi, ankaphikira alendo a mpingo, ankazonda odwala. Mwamuna wake adali wa gule, ndipo sadabatizidwe. Bamboyo atamwalira, akubanja kwake adayendetsa mwambo monga mwa chikhalidwe chawo, zilombo zidatuluka. Mayiyo sadavine, sadaimbe nawo. Adangokhala m'nyumba ya siwa kulira mwamuna amene adabereka naye ana. Sabata yotsatira adaitanidwa kubwalo la mpingo, n'kuikidwa pa mwambo chifukwa adapezeka pamaliro a chikunja. Nthawi ya chilango isanathe iye adadwala, n'kutsikira kulichete. Kwaya sidabwere. Amayi anzake adauzidwa kuti asavale yunifomu. Ena adabwerabe ndi zitenje zawo, misozi ili chuchuchu, koma nyimbo ya Mulungu adachita kuimba chamumtima.

Makolo anga, kodi mayi ameneyu akadathawira kuti tsiku la maliro a mwamuna wake? Ana ake lero salowanso m'tchalitchi, ndipo ndikapita kukacheza nawo ndimasowa poyambira. Nkhani zoterezi si zachilendo m'midzi ya ku Dedza, Lilongwe, Dowa, Mchinji, Kasungu ndi Ntchisi. Mwana wa mpingo amalangidwa chifukwa chotunga madzi pamaliro a amalume ake. Munthu amene mtundu wamusankha kukhala mfumu ya mzinda amauzidwa kuti asankhe chimodzi, ufumu kapena mgonero, ndipo mudzi umatsala wopanda mfumu yoopa Mulungu.

Tsono taonani izi. M'midzi yambiri kuno, adzukulu okumba manda ndi amuna omwewo a kudambwe. Mkulu wa mpingo akamwalira, iwo ndiwo amalawirira mbandakucha ndi makasu, kumukonzera pogona. Safunsa ngati malemuyo ankawanyoza pa guwa. Ife amene timalalikira za Msamariya wachifundo ndife amene timayamba taona m'kaundula tisanaganize zopita kukalira.

Dandaulo lachiwiri ndi limene limandisowetsa tulo, chifukwa ndimakumana nalo m'kalasi.

Chaka ndi chaka pamapezeka mwana wofunsa kuti: "Aphunzitsi, agogo awo a agogo anga adamwalira amishoni asanafike. Ankapemphera kwa ndani? Nanga ali kuti lero?" Buku limene ndidapatsidwa kuti ndiziphunzitsira lilibe yankho. Pa guwa, yankho limene timamva ndi mawu amodzi okha: mdima.

Amishoni adafika ku Magomero mu 1861, ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876, ku Mvera mu 1889, ku Mua mu 1902. Dzulodzulo lomweli. Iwo asanaponde dziko lino, makolo athu ankatchula kale Mulungu, Chauta, Namalenga, Mphambe, Chisumphi, Leza. Ankasimba za Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, kumene Chauta adatsika pamodzi ndi anthu oyamba ndi nyama, mvula ikugwa. Chilala chikavuta, anthu ankapita ku Msinja kwa Makewana, ena ku Khulubvi, ku Nsanje, kwa Mbona, atanyamula nsembe, kukapempha mvula. Ankadziwa kuti mizimu si Mlengi, kuti pamwamba pa mizimu yonse pali Mwini moyo. Ndipo amene adamasulira Baibulo sadabwere ndi dzina lachilendo la Mlengi. Adatenga dzina lakuti Mulungu pakamwa pa agogo omwewo. Mu Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina adagwirira pamodzi n'kulitulutsa mu 1998, pamene Buku Lopatulika limati Yehova pamalembedwa kuti Chauta. Ndiye kuti inu eni mudagamula kale kuti amene adalankhula ndi Mose pa chitsamba choyaka moto angathe kutchulidwa ndi dzina limene linkamveka ku Msinja. N'chifukwa chiyani chigamulo chachikulu chotere sichidafotokozedwe kwa ife?

Malembo sali chete pa nkhaniyi. Melkizedeki sadali wa mbumba ya Abrahamu, koma Genesis 14 amamutcha wansembe wa Mulungu Wam'mwambamwamba, ndipo Abrahamu adamupatsa chakhumi. Yetero adali wansembe wa ku Midiyani, koma Mose adamvera malangizo ake. Pa Amosi 9:7 Mulungu akunena kuti si Aisraele okha amene adawatulutsa kudziko lina, adatulutsanso Afilisti ndi Aaramu. Ku Lusitara Paulo adauza anthu opembedza mafano kuti Mulungu sadakhale wopanda umboni pakati pawo, ndipo umboni umene adautchula ndi mvula ndi zokolola, zinthu zomwezo zimene makolo athu ankapempha. Ku Atene sadayambe ndi kutukwana guwa lawo. Adayambira pa guwalo, n'kubwereza mawu a alakatuli awo, kenaka n'kuwauza za kulapa ndi za kuuka kwa akufa. Korneliyo adauzidwa ndi mngelo kuti mapemphero ake afika kwa Mulungu Petro asanalowe m'nyumba mwake, komabe Petro adayenera kupita kukamuuza za Yesu. Mbali ziwirizi zili m'Baibulo limodzi. Ife timangophunzitsidwa yachiwiri yokha.

Ndikudziwa kuti m'makoleji mwanu, ku Zomba, ku Nkhoma, ku Kachebere ndi kwina, zimenezi zimakambidwa mozama. Ophunzira amamva kuti pali ena amene amati chipulumutso ndi cha okhawo amene amva ndi kuvomereza dzina la Yesu. Pali ena, monga Karl Rahner wa ku Germany, amene amati chisomo cha Khristu yemweyo chingathe kufikira ngakhale munthu amene sadamvepo dzina lake. Palinso ena, monga John Hick wa ku Britain, amene amati zipembedzo zazikulu zonse ndi njira zopita kumalo amodzi. Ine maganizo achitatuwa sindigwirizana nawo, chifukwa amachotsa mtanda pakati. Koma pakati pa oyamba ndi achiwiri pali nkhani yoti Mkhristu aliyense aimve. Mu 1965 msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa maepiskopi a Mpingo wa Katolika, udanena kuti Mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera chopezeka m'zipembedzo zina. John Mbiti wa ku Kenya ankaphunzitsa kuti amishoni sadabweretse Mulungu ku Afrika, Mulunguyo ndiye adabweretsa amishoni. Kwame Bediako wa ku Ghana adaonetsa kuti Akhristu oyambirira a Chigriki adalimbana ndi funso lomweli lokhudza makolo awo. Kwathu konkuno malemu Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe kuyambira mu 1972, adafunsa poyera ngati Mulungu ankagwira ntchito yake yopulumutsa pakati pa makolo athu kudzera m'mapembedzedwe awo.

Chuma chonsechi chili m'Chingerezi, m'mashelefu a malaibulale. M'busa amachiphunzira, amalemba mayeso, amakhoza, koma akafika pa mpingo amachisiya m'chikwama poopa kuti akuluakulu a mpingo amuti wayamba zachikunja. Nkhosa zimatsala ndi njala. Ndipo munthu amene funso lake laletsedwa salitaya, amangolibisa. Ndi pamene pamachokera Akhristu amene masana ali m'kwaya, usiku ali kwa sing'anga, mwana wobatizidwa ali ndi mphinjiri m'chiuno pansi pa malaya oyera. Kusakaniza kumene mumakuopako kukukula chifukwa cha kukhala chete kwanu.

Dandaulo lachitatu ndi lakuti muyeso wanu suli umodzi.

Gogo akathira ufa patsinde pa mtengo, bwalo la mpingo limakhala msangamsanga. Koma m'matauni mwathu, pa wailesi, pa kanema ndi pa Facebook, mwadzaza anthu odzitcha aneneri amene akugulitsa madzi, mafuta, timasitika tomata pakhomo ndi pa galimoto, n'kumati zimenezi zimatchinjiriza ku mfiti ndi ku ngozi. Kodi kasitika kameneka kakusiyana pati ndi chithumwa? Munthu amapereka ndalama kuti akaonane ndi "Papa" payekha, iye n'kumuuza amene wamanga ukwati wake kapena bizinesi yake. Uku ndi kuombeza ula, kungoti woombezayo wavala suti ndipo wanyamula Baibulo. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro adamudzudzula pamaso. Ena mwa inu mwalankhulapo, ndikuvomereza, koma mawuwo ndi apatalipatali, ndipo safika m'mipingo ya kumudzi ndi mphamvu imene malamulo oletsa gule amafika nayo. Kapena ndiye kuti khoswe wakhala pa mkhate, poti ena mwa opita kwa aneneriwa ndi omwe amapereka zambiri m'mipingo yathu?

Zimenezi zikupha anthu. Alipo amene adataya ma ARV atauzidwa kuti achira, ndipo tidawaika m'manda. Chiphunzitso chakuti tsoka lililonse limachokera ku maguwa a makolo ndi matemberero a kumtundu chasandutsa agogo kukhala adani a zidzukulu zawo. Mnyamata akasowa ntchito m'tauni, amauzidwa kuti pali nkhalamba kumudzi imene yakhalira mwayi wake. Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu mphenzi itapha mtsikana, poganiziridwa kuti ndiwo adatumiza mphenziyo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma zala zikulozedwabe m'dzina la Yesu. Sindikunena kuti imfa iliyonse yotere imayambira m'tchalitchi. Ndikunena kuti nthaka imene chiwawachi chimameramo ikuthiridwa madzi ndi maulaliki amene palibe akuwaletsa.

Muyesowu umapendekekanso pa nkhani ya ulemu. Pa Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, pa Umhlangano ku Ntcheu, pa Mulhako ku Chonde, pamakhala nduna, mabwana ndi akuluakulu a mipingo, ndipo palibe amene amaitanidwa kubwalo pobwerera. Sindikufuna kuti aziitanidwa. Ndikungofunsa chifukwa chimene choyenera bwana chimakhala tchimo kwa mayi wamasiye. Momwemonso ndi ziliza. Wa ndalama amasonkhanitsa abale pakatha chaka, amapha ng'ombe, abusa amabwera kudzapemphera pamanda. Wosauka akasonkhanitsa abale kukumbukira malemu ndi thobwa ndi nkhuku, amafunsidwa ngati sikudali bona. Mtima wofuna kukumbukira ndi umodzi. Yakobo 2 amatichenjeza za tsankho lotere.

Dandaulo lachinayi ndi la abale athu a zipembedzo zina, makamaka Asilamu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi anthu 14 mwa 100 alionse m'dziko muno ndi Asilamu. Ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, m'banja limodzi mumapezeka shehe ndi mkulu wa mpingo, ana a mimba imodzi. Inu kumtundako mumakhala nawo pamodzi mu Public Affairs Committee, bungwe la atsogoleri a zipembedzo, kuyambira mu 1992, ndipo dziko lidapindula ndi umodzi umenewo pa nthawi yosintha ndale. Mkangano wa hijabu utafika pa chiwawa ku Balaka mu 2019, sukulu n'kutsekedwa, ndi bungwe lomweli limene lidathandiza kuti pakhale mgwirizano mu 2021. Koma nzeru imene mumagwiritsa ntchito pa misonkhano imeneyo simudaitsitsire kwa ife. Mkhristu wamba sadziwa ngati angadye nawo sadaka ya bambo ake omubereka, kapena ngati angayankhe ameni Msilamu akapemphera pa msonkhano wa sukulu. Wina amamuuza kuti n'zololedwa, wina amati wadetsedwa. Ana a Chirasta adachita kudikira mpaka 2023 kuti khoti lalikulu ku Zomba ligamule zoti azilandiridwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Ine ndikadakonda mawu oteteza anawo akadayamba kumveka kuchokera kwa ife, amene timati mwana aliyense adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.

Musaganize kuti ndikuyeretsa miyambo yonse. Ndimakhala pakati pake, ndipo zoipa zake ndimaziona. Kugwira ana mokakamiza kupita nawo kudambwe, kuthamangitsa ana a sukulu, nyimbo zolaula, kusasa fumbi, kulowa kufa, fisi: zimenezi Mkhristu ayenera kuzikana, ndipo mafumu ambiri akuzikananso. Deuteronomo 18 amaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo sindikupempha kuti vesi limeneli lifufutidwe. Chimene ndikupempha ndi ntchito yopeta, imene atumwi adaigwira ku Yerusalemu pa Machitidwe 15. Iwo sadauze anthu a mitundu ina kuti asanduke Ayuda. Adakhala pansi, adamvetsera, adatchula zinthu zochepa zoyenera kupewa, zotsalazo adati tisawasenzetse katundu.

Ntchitoyi idayambikapo kale m'dziko muno. Mipingo itaona kuti chinamwali sichingangothetsedwa, idakhazikitsa chilangizo, ndipo alangizi a mpingo athandiza atsikana ambiri. Ku Mua, kumene kale amishoni ndi anyau ankalimbana kwambiri, Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa Kungoni, malo osungira ndi kuphunzitsa za chikhalidwe, mu 1976, ndipo adatha zaka zambiri akumvetsera kwa eni mwambo tanthauzo la zilombo ndi nyimbo zake. Munthu sangagwirizane ndi zonse zimene zidachitika kumeneko, koma sangakane kuti kufunsa kudaphula kanthu kuposa kutemberera. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Mwana wathu amaphunzira zimenezi kusukulu Lachisanu, Lamulungu n'kumva kuti agogo ake ovina guleyo ndi ana a Satana. Ndani amuthandize kulumikiza ziwirizi ngati si inu?

Tsono, mwaulemu wonse, ndikupempha izi:

1. Lamulani kuti Mkhristu asalangidwe chifukwa chokhala pamaliro a mwamuna wake, mkazi wake, kholo lake kapena m'bale wake, kaya malirowo ndi a gule, a Chisilamu kapena a mpingo wina. Musiyanitse momveka bwino kulira maliro ndi kutenga nawo mbali pa mwambo.

2. Mkhristu akamwalira ali pa chilango, mpingo uzipita, uziimba, uzilalikira. Chilango cholinga chake ndi kubweza wamoyo. Pa mtembo chimangovulaza ana amasiye.

3. Tilembereni kabuku m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, koyankha mafunso a m'kalasi: Mulungu amene makolo ankamutchula ndi ndani, tinganene chiyani ndipo sitinganene chiyani za amene adafa asanamve Uthenga, kukumbukira malemu kumasiyana bwanji ndi kupembedza mizimu, Mkhristu angachite chiyani pa sadaka kapena pa mwambo wa ufumu. Pamene mipingo yanu isiyana maganizo, lembani kuti apa tasiyana, ndipo zifukwa zake ndi izi. Ndife akuluakulu, tidzamva. Polemba kabukuka mukhale pansi ndi mafumu, anamkungwi, amayi a m'mabungwe ndi ife ophunzitsa kalasi, poti ndife amene timakumana ndi mafunsowa.

4. Unikaninso malamulo okhudza Akhristu olowa ufumu. Ambiri mwa malamulowa adapangidwa pa nthawi imene mishoni ndi dambwe zinkalimbirana ana. Kambiranani ndi mafumu kuti muone zimene mfumu ya Chikhristu ingachite ndi zimene ingasiyire ena.

5. Tulutsani kalata imodzi, yosainidwa ndi mabungwe anu onse, yowerengedwa m'mipingo yonse tsiku limodzi, yoletsa kugulitsa madalitso, kuuza odwala kuti asiye mankhwala, ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti pa guwa kapena pa mapemphero. Mlaliki wa mumpingo wanu akachita zimenezi, bwalo likhale mofulumira monga limakhalira pa nkhani ya gule.

6. Wophunzira ubusa kapena unsembe asadzozedwe asanakhaleko miyezi ingapo m'mudzi wa mzinda kapena wa Asilamu, akumvetsera, ndipo mayeso ake ena akhale ofotokoza zimene waphunzira m'chilankhulo cha anthu amene akukawatumikira.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa misonkhano yanu ikubwerayi, ndipo zimene mugwirizane zidzalengezedwe m'mipingo ndi pa mawailesi anu m'zilankhulo zathu. Pempho loyamba ndi lachiwiri silifuna ndalama kapena kafukufuku, mungathe kuligamula chaka chino chisanathe. Kwa abale ndi alongo amene mwawerenga kalatayi ndipo zoterezi zidakuchitikirani, kaiperekeni kwa abusa kapena ansembe anu, muwafotokozerenso nkhani yanu.

Ine mwana wanu mwa Ambuye,
Mphunzitsi wa kalasi, chigawo chapakati